Phindu la geni kuno ku Joni: mmene mungalibwezere mu bizinesi musanadye mpamba

Ndiyambe ndanena kuti ine ndine telala, ndimasokera ku Mayfair, ndiye zitsanzo zanga zambiri zikhala za mashini ndi nsalu, koma inu amene mumagulitsa usipa ndi mpunga wa Kilombero ku Yeoville, ometa, oluka tsitsi, otsuka magalimoto, nkhani yake ndi imodzi yomweyi mungosintha maina a katundu basi. Chimene chandiwawa mpaka kukhala pansi kulemba nchakuti anthufe timagwira ntchito ngati abulu kuno, ndalama imalowa ndithu sitinganame, koma ukamupeza munthu patatha zaka zisanu ali pa tebulo lomwe lija, sitoko yomwe ija, pena yachepanso. Ineyo ndinakhala zaka zitatu ndi mashini amodzi ndikumadabwa kuti kodi marandi akulowera kuti, mpaka ndinayamba kukayikira anthu akumudzi kuti mwina andimanga, chonsecho wondilodza ndinali ndekha.

Choyamba gulani kope. Kope lenileni la mwana wa sukulu lija ndi bolopeni, osati kusunga mmutu, mutu umanama. Kwa mwezi wathunthu lembani chilichonse cholowa ndi chilichonse chotuluka, olo R5 ya amagwinya. Cholinga chake nchoti mudziwe phindu lenileni, chifukwa ambirife timasokoneza ndalama imene yagwidwa pamanja ndi phindu. Tiyerekeze ndasoka diresi la R600. Mtima umati ndapha R600 lero. Koma nsalu ndagula R220, zipi ulusi ndi lainingi R60, taxi yokapereka kwa kasitomala R40, ndiye gawo la lendi ndi mayunitsi a magetsi tingoti R80. Yanga yeniyeni ndi R200. Ine ndinkadya R400 pa diresi loterolo ndikumaona ngati ndikudzimana, kumene kuli kudya mbewu ya chaka chamawa uku ukuseka. Mwezi woyamba kope limachititsa manyazi, limakuonetsa kuti data ndi zoziziritsa kukhosi za weekend zikutenga ndalama yoposa ya ulusi wa mwezi wonse, koma pirirani mulembebe.

Ngongole za makasitomala muzilembe patsamba lapadera, ndipo musaziwerengere ngati ndalama. Munthu amene wati "ndikupatsa month end achimwene" sanakupatseni kanthu. Ine masiku ano sindidula nsalu popanda dipoziti ya theka, kaya ndi wa kutchalitchi kwathu kaya ndi mlamu.

Mukadziwa phindu, chachiwiri ndi ichi ndipo apa ndichedwapo chifukwa ndi pamene geni zambiri za aMalawi zimafera: dzilembeni ntchito nokha. Mudziike pa malipiro ngati wantchito wamba. Khalani pansi muone kuti chipinda chogona, chakudya, thiransipoti ndi yotumiza kumudzi zimafuna zingati pamwezi, imeneyo ndiye salale yanu, muzidzipatsa tsiku limodzi lodziwika, kaya pa weekend iliyonse kaya pakutha pa mwezi. Yotsalayo si yanu ayi, ndi ya bizinesi, muziiona ngati ndalama ya bwana wolusa amene mukamubera akuitanirani polisi. Matumba awiri, ma akaunti awiri, olo zitini ziwiri, bola zisakumane.

Tsono vuto lathu timalidziwa tonse, ndi foni ya kumudzi. Imalira usiku, "mwanawe feteleza wakwera", "mlongo wako amuthamangitsa fizi", "denga likudontha", ndipo zonsezo nzoona, palibe akunama, ndiye iwe uli ndi R3000 ya oda ya mawa m'thumba, Mukuru ili pafoni pompo, mphindi zochepa ndalama yapita, mawa ukupita kooda ndi manja awiri. Ine sindikuti musiye kuthandiza makolo, tinabwera kuno chifukwa cha iwowo. Ndikuti yothandizira ichoke mu salale yanu osati mu mpamba. Chimene ndinachita ine, ndinawaimbira amayi tsiku lina popanda vuto lililonse, ndinati amayi, kuyambira mwezi uno ndizitumiza pa 5 mwezi uliwonse, ndalama yake ndi yakutiyakuti, mvula igwe dzuwa liwale ifika, koma pakati pa mwezi musandiwerengere pokhapokha ndi matenda aakulu kapena maliro. Anakhala chete kanthawi, kenako anati "kodi wakwatira kumeneko osatiuza?" kkkk. Miyezi iwiri yoyamba panali kudandaula, azakhali mpaka ananena kuti mwana watchona, Joni yamulowa mmutu. Koma pano amayi amakonda dongosolo limeneli kuposa kale chifukwa amadziwa tsiku, amatha kukonza zawo, pamene kale ndinkatumiza yambiri mwezi uno kenako miyezi itatu zii.

Za maliro ndi matenda zija musazisiye mmalere, chifukwa zimabwera ndithu. Mu salale yanu momwemo patulani kachepe mwezi ndi mwezi, komanso lowani kagulu ka maliro ka anthu akwanu kapena ka kutchalitchi kaya kumzikiti, tonse taonapo mmene kunyamula thupi kuchoka kuno kukafika ku Mangochi kapena ku Mzimba kumagwetsera anthu. Munthu wopanda thumba limeneli tsiku la tsoka amagulitsa mashini.

Chabwino, pano muli ndi phindu la bizinesi limene simunadye. Musathamangire kugula zida. Yambani mwaunjika kaye ndalama yongokhala, yokwana lendi ya malo a geni ndi oda ya mwezi umodzi, bola iwiri. Imaoneka ngati ndalama yogona koma ili pa ntchito ya ulonda. Kumbukirani kumapeto kwa Marichi 2020 pamene dziko linatsekedwa chifukwa cha Covid, aliyense m'nyumba. Atalamula kuti aliyense azivala masiki, matelala amene anali ndi kangachepe kosungira anagula nsalu ndi lasitiki nkuyamba kusoka masiki usana ndi usiku, ife amene tinalibe kanthu tinkangoonerera, ine mpaka ndinakasokera mnzanga pa ganyu, mashini anga ali phee pakona chifukwa chosowa ndalama ya lasitiki. Lasitiki amwene. Chinthu chotchipa chonchija.

Thumba la ulonda likakwana, ndiye pabwere funso lakuti ndigule chani. Njira imene inandithandiza ine ndi iyi: kumapeto kwa kope lija tsegulani tsamba lolemba ntchito zimene mwakana ndi makasitomala amene abwerera. Munthu akafunsa chinthu chimene mulibe, lembani. Akafuna ntchito imene simungathe chifukwa cha chida, lembani. Pakatha miyezi iwiri tsambalo likuuzani lokha pamene ndalama ikutayikira. Langa linadzaza ndi mawu amodzi, ovaloko, mashini omalizira m'mphepete mwa nsalu kuti isamasuke. Nsalu iliyonse yofuna kumalizidwa m'mphepete ndinkapita nayo kwa mnzanga wina ku Fordsburg, kulipira, kudikira pamzere iye amalize zake kaye, theka la tsiku lapita, ndipo ma oda a mayunifolomu ndi matirakisuti ndinkangowakana. Kwa inu ogulitsa nsomba mwina tsambalo linena kuti anthu akufuna chambo chachiwisi ndiye nkhani ndi fuliji, kwa ometa mwina ndi mashini a batire kapena mpando wachiwiri chifukwa Loweruka anthu amatopa kudikira nkupita kwa woyandikana naye. Kasitomala ndi amene akuuzeni, osati maso anu mukamadutsa ku China Mall.

Musanatulutse ndalama chitani kasamu kakang'ono aka. Mtengo wa chidacho mugawe ndi ndalama imene chizibweretsa kapena kupulumutsa pamwezi. Tiyerekeze ovaloko yogwiritsidwapo kale akukuuzani R4500, ndipo inu mumataya R500 pamwezi kolipira kwa anzanu, kuphatikiza ntchito za phindu la R1000 zimene mumakana. Ndiye kuti R1500 pamwezi, miyezi itatu yabweza, wachinayi ikukudyetsani. Chinthu chotero gulani mawa lomwe. Koma mukapeza kuti chibweza patatha zaka ziwiri, chisiyeni kaye, moyo wa kuno sutilola kuwerengera patali choncho. Ndipo pa kasamuko muzidzinamiza mochepetsa osati mochulukitsa, ngati mukuganiza kuti chizibweretsa R1000 lembani R600.

Za mashini akale ndionjezepo pang'ono poti ndi kwathu. Juki kapena Brother ya indasitiriyo yogwiritsidwapo ntchito imaposa kamashini katsopano ka m'nyumba kapulasitiki kaja kutalitali. Koma musagule pa chithunzi cha pa Facebook nkutumiza dipoziti, ayi. Pitani ndi kansalu kanu, ka jinzi kokhuthala ndi kena kopyapyala koterera, mukhale pansi musoke nokha, mumvetsere kulira kwake, mutembenuze nsaluyo muone ngati ulusi wapansi ukupanga zisa, mupendeke mutu wa mashini muone mafuta. Tengani makaniko ngati mungathe, yomulipira tsiku limenelo ndi yochepa poyerekeza ndi kugula chitsulo chakufa. Ndipo risiti kapena kakalata kogulitsirana, ndi nambala ya mashini, musachoke popanda chimenecho, mlendo akapezeka ndi katundu wopanda pepala nkhani yake imakula msanga.

Ine ndinalakwitsapo apa ndipo ndinene kuti ena musagweremo. Ovaloko itabweza ndalama yake ndinadzimva kuti ndine bwana, ndinapita ku shopu ina ya nsalu nkugula mpukutu wathunthu wa nsalu yonyezimira imene inali m'fasho nthawi imeneyo, ati ndikagula yambiri mtengo utsika. Unatsikadi. Ndinasoka madiresi anayi, fasho inatha, mpukutu uja mpaka lero uli pamwamba pa kabati ukundiyang'ana, pena ndimadulako kupangira lainingi mwamanyazi. Kubweza ndalama mu bizinesi sikutanthauza kugula chilichonse chokhudza bizinesi. Sitoko yosayenda ndi ndalama yokwiriridwa. Zogula zambiri nthawi imodzi zikhale zinthu zimene zimatha tsiku ndi tsiku ndipo sizichoka m'fasho, ulusi wakuda ndi woyera, mazipi, masingano, lasitiki, kwa a zakudya ndi zija mumadziwa kuti pofika Lachisanu zatha. Chikwangwani chowala, foni yatsopano "ya bizinesi", galimoto, zonsezo zidikire. Galimoto makamaka, anyamata ambiri amati ndi ya madelivale chonsecho cholinga nchokaonetsa kumudzi pa Khirisimasi.

Magetsi nawo. Amene tinali pano 2023 tikudziwa mmene load shedding inatizunzira, maola angapo patsiku mashini ali duu, kasitomala wa ukwati akuimba foni. Ndalama imene ndinaika pochotsa mota yakale yongolira nthawi zonse ija nkuika servo motor sindinainong'onezepo, imadya magetsi ochepa chifukwa imazungulira pokhapokha waponda, komanso ndi yachete moti ndimatha kusoka usiku a landilodi osagogoda. Ndinagulanso kamashini kopalasa ndi miyendo ngati ka agogo ku Limbe kaja, anzanga ankaseka, koma magetsi akathima ine ndimapinda mathalauza iwo akusewera bawo. Olo pano zinthu zikuoneka kuti zasintha, kuthima kwa m'dera chifukwa cha thiransifoma kapena mawaya obedwa sikunathe, ndiye chida chokulolani kugwira ntchito mumdima ndi ndalama yoikidwa pabwino.

Kenako phunzirani kalendala ya geni yanu kuti phindu muzilibweza nthawi yoyenera. Kwa ife matelala Januwale ndi mayunifolomu a sukulu, Seputembala ndi zovala za chikhalidwe chifukwa cha Heritage Day pa 24, anthu amafuna shweshwe, nsalu ya chikhalidwe ya kuno, ndi zitenje, chapomwepo madiresi a matric dance, dansi ya ana omaliza sekondale, kenako maukwati a kumapeto kwa chaka. Ndiye kuti nsalu ya mayunifolomu imafunika kugulidwa Novembala ndi Disembala, nthawi yomweyo imene mtima ukukokera ku Park Station. Apa mpamene ambiri timadzipha. Munthu wagwira chaka chonse, Disembala watenga zonse, mpamba ndi phindu lomwe, wagula matumba a China aja odzaza, wakwera basi, Beitbridge, Nyamapanda, Tete, Mwanza, kulipira katundu, kulipira msonkho pa boda, kumudzi masabata atatu aliyense akumutcha bwana, pobwera Januwale wabwereka ya thiransipoti ndipo akuyambanso pa ziro ngati wafika kumene. Chaka chilichonse chimodzimodzi, kumangozungulira ngati galu wofuna kugona. Ulendo wa kumudzi ukhale ndi chitini chakechake chochokera mu salale kuyambira Febuluwale, chikakwana pitani, chikapanda kukwana tumizani ya Khirisimasi mudzapite pa Isitala kapena mwezi umene geni imakhala yozizira. Ndipo musanakwere basi, oda ya Januwale ikhale itagulidwa kale, lendi ya Januwale italipiridwa.

Posungira ndalama. Pansi pa matiresi ayi, zipinda zathu timagona ambiri, komanso akuba a kuno amadziwa kuti mlendo amasunga m'nyumba. Amene muli ndi pasipoti ndi pemiti yabwinobwino tsegulani akaunti ku banki, ndipo ya bizinesi ikhale yosiyana ndi yanu, khadi lake lizitsala kunyumba mukamapita kokacheza. Kamashini kolipirira pa khadi ngati Yoco kamathandizanso ngati mapepala anu akulola, chifukwa makasitomala ambiri masiku ano sayenda ndi kashi, komanso ndalama imene simunaigwire pamanja siyabwa. Chipereganyu, chimene eni dziko amati stokvel, nchabwino pogulira chida chachikulu chifukwa umalandira yambiri kamodzi, ovaloko yanga inachokera mmenemo. Koma lowani ndi anthu ochepa amene mukudziwa kumene amagona ndi kumene amachokera kumudzi, ndipo musanalandire muzikhala mutadziwa kale chimene mukagule ndi mtengo wake, tsiku lolandira lomwelo pitani mukagule. Ikagona masiku atatu m'thumba foni ilira. Gulu lina limene ndinalowa kale, wosunga ndalama anasowa mwezi woti ndilandire ine, nambala osapezeka, tinangomva kuti ali ku Cape Town. Za mashonisa, katapila wa kuno, sindichedwapo, palibe geni ya patebulo imene phindu lake lingathamange kuposa chiwongoladzanja chawo.

Mapepala nawonso ndi malo obwezerapo phindu, ngakhale sabweretsa ndalama yooneka. Pasipoti isathe muli chigonere, kazembe wathu ali ndi ofesi konkuno. Amene mumagulitsa zakudya munaona Novembala 2024 pamene a Ramaphosa analamula kuti ma spaza, timashopu ta m'makomboni tija, ndi malo onse ogulitsa zakudya alembetse ku manisipaliti m'masiku 21, ana atamwalira ku Naledi ku Soweto ndi poizoni amene ankaganiziridwa kuti anali m'zakudya za pa spaza, kenako anatalikitsa mpaka pa 28 Febuluwale 2025. Amene anali ndi mapepala ndi kandalama kokonzera malo anapuma bwino, ena anatseka. Ndipo poti ndife alendo, musaike chuma chonse pamalo amodzi. Julayi 2021 mashopu anaswedwa ku Gauteng ndi KwaZulu-Natal, anthu anataya sitoko ya zaka m'usiku umodzi. Ine mashini amodzi amakhala kunyumba, nsalu zodula sizigona ku shopu, marisiti onse ndinawajambula ali pafoni ndi pa imelo.

Ena mufunsa kuti nanga kumanga kumudzi? Mangani, nafenso tikumanga, palibe akufuna kukalambira m'chipinda cha lendi ku Berea. Koma nyumba ya kumudzi siikugulirani oda ya mawa. Ng'ombe imene ikumanga nyumbayo ndi geni ili kunoyi, mukaidula mwendo kuti mugule malata, nyumba ithera pa windo. Dongosolo langa ndi lakuti phindu la bizinesi likatsala pakutha pa miyezi itatu, thumba la ulonda lili lodzaza, ndimagawa patatu, magawo awiri amabwerera mu geni, limodzi limapita ku pulojekiti ya kumudzi. Inu mutha kugawa mwina malinga ndi msinkhu wa bizinesi yanu, ikakhala yaing'ono bwezani zonse kaye kwa chaka. Ndipo yopita kumudziyo izisanduka simenti, njerwa kapena malata sabata yomweyo, isakagone mu akaunti ya makwacha. Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, amene anaunjika makwacha podikira kuti akwane kaye anadzuka ndalama yawo itafupika, mitengo ya zipangizo itathawa. Wokugulirani akutumizireni chithunzi cha risiti ndi cha katunduyo ali pamalo, olo akhale m'bale wa bere limodzi, si kukayikirana ayi ndi dongosolo chabe.

Pomwe pamavuta kuweruza ndi pa kulemba munthu. Chida ukagula wagula, munthu amafuna malipiro mwezi wabwino ndi woipa womwe. Ine ndinadikira mpaka tsamba la ntchito zokanidwa linayamba kudzaza ndi mawu oti "nthawi", kutanthauza kuti zida zilipo koma manja ndi awiri okha. Ndinayamba ndi mnyamata wina wa kwathu pa ganyu ya chidutswa, kulipira pa chovala chimene wamaliza, miyezi ya Seputembala mpaka Januwale yokha, nditaona kuti ntchito ikupitirira ndi pamene tinagwirizana za pamwezi. Mumulipire bwino ndiponso pa tsiku lake, tonse tinagwirapo kwa mabwana otizungulitsa, musasanduke yemweyo kwa mwana wa mnzanu. Adzachoka tsiku lina nkukatsegula yake, mwina ndi makasitomala anu awiri atatu, zimenezo zisakudwalitseni, inunso munachoka kwa wina.

Panopa tsamba langa lija likunena za mabaji. Masukulu ang'onoang'ono a mkaka ndi makwaya a matchalitchi akufuna mayunifolomu okhala ndi baji yopetedwa, ine ndimakapetetsa kwina ndipo phindu lambiri limatsala komweko. Mashini opeta ndi odula, kasamu kanga kakuti abweza m'miyezi 14, ndiye ndikadali kukayika, ndapempha mnzanga amene ali nawo kuti ndikakhale naye Loweruka ziwiri ndione mmene amawonongekera komanso kuti ulusi wake amagula kuti. Chitini chafika theka. Amayi aimba dzulo kuti mbuzi ziwiri zalowa m'munda mwa eni ake ndipo a mfumu agamula chindapusa, ndawauza kuti pa 5 sipatali.